Kuwedza pakati pa nyanja yamchere ndi kudikirira nguluwe ku KwaZulu-Natal: mmene mlimi wa ku Kasungu anauonera ulendowu

M'chigawo cha KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa, muli makampani ang'onoang'ono amene amagulitsa ulendo umodzi wa mbali ziwiri: masana amakutengani pa boti la injini kukawedza nsomba zikuluzikulu pakati pa nyanja yamchere, ndipo usiku amakupititsani ku famu ya nzimbe kukadikirira nguluwe ndi mfuti. Ine ndi anzanga a m'kalabu yathu ya alimi a fodya kuno ku Kasungu tinagula ulendo wotere kudzera mwa alamu anga amene amagwira ntchito padoko la Richards Bay, ndipo popeza anthu akhala akutifunsa ngati ndalama zathu zinapita pabwino, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zonse bwinobwino. Mbali ya kunyanja ndi yoyenera ndalama zonse zimene tinapereka. Mbali ya nguluwe inayendetsedwanso mwaluso ndi mwachilungamo. Koma kulumikiza ziwirizi motsatizana popanda tsiku lopuma, monga mmene kampani imene inatitengayo imachitira, kumawononga zonse ziwiri, ndipo kukhoza kuika moyo wa munthu pachiswe.

Zokambirana zonse zinachitika pa WhatsApp, ndipo pamenepa kampaniyo ndiyenera kuiyamikira, chifukwa tisanatumize ndi tambala yomwe inatilembera kalata yofotokoza zimene zili mumtengo ndi zimene mulibe. Malo ogona, chakudya, mafuta a boti, nyambo, mbedza ndi ndodo zake, kubwereka mfuti ndiponso malipiro a mlenje wotiperekeza zinali mumtengo umene tinagwirizana. Chiphaso chowedzera, laisensi yosakira ndi mtengo wa nguluwe iliyonse yophedwa zinali zapadera. Anatiuziratunso lamulo limene alenje a kumeneko amatsatira, lakuti nyama imene mwailasa n'kuthawa ndi bala imawerengedwa ngati mwaipha, ndipo mulipira mtengo wake wonse ngakhale isapezeke. Wina akhoza kulidandaula lamuloli, koma ine ndikuliona kuti ndi labwino, popeza limachititsa munthu kuganiza kawiri asanawombe chilichonse chimene chagwedera mumdima.

Za pamsewu sindichulukitsa. Tinakwera basi ku Lilongwe, kudutsa ku Tete, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, kenaka ku Durban, ndipo kuchokera pamenepo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kulowera kumpoto pa msewu wa N2 kuti mufike ku Richards Bay. Tinapita kumayambiriro kwa Novembala, chifukwa nsomba yotchedwa dorado imachuluka m'miyezi yotentha, ngakhale kuti kwa mlimi wa fodya nyengo imeneyi ndi yovuta kuchoka pakhomo, pamene mbande zili panazale ndipo mvula yoyamba ikhoza kugwa tsiku lililonse. Amene akuganiza zopita aganizirenso zimenezi, pakuti ndalama za fodya zimabwera m'nyengo yozizira ya misika ya ku Chinkhoma, koma nsomba zokongolazo zimabwera pamene ntchito ya kumunda yafika pampondachimera.

Boti limanyamuka m'bandakucha, kunja kusanayere. Ubwino wa Richards Bay ndi wakuti maboti amatulukira padoko, pomwe madzi ndi odekha, kusiyana ndi malo ngati Sodwana Bay kumene boti limayambira pamchenga n'kumalimbana ndi mafunde osweka pagombe. Tinadutsa pafupi ndi sitima zikuluzikulu zonyamula malasha, popeza dokoli ndi limene South Africa imatumizira malasha ake ambiri kunja. Tisanachoke, woyendetsa boti anaonetsa aliyense jekete yake yoyandamitsa, anatilozera pamene pali wailesi yoitanira thandizo, ndiponso anafotokoza kuti botilo lili ndi injini ziwiri n'cholinga choti imodzi ikazima inayo itibwezere kumtunda. Sanathamangitse mawu, ndipo anadikira mpaka alamu atamasulira zonse kwa mnzathu amene Chingerezi chimamuvuta. Kwa ine chimenechi chinali chizindikiro choyamba chakuti tili m'manja mwa munthu wodziwa ntchito yake.

Mwayi wathu waukulu unali wakuti mnyamata wothandizira pa botilo anali Mmalawi wa ku Nkhotakota, amene anakulira pa bwato la bambo ake asanapite kukafuna ntchito kumeneko. Atamva tikulankhula Chichewa anasiya chingwe chimene amakulunga, n'kubwera kudzatipatsa moni mmodzimmodzi, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene woyendetsa boti amalamula chimatifika m'chilankhulo chathu.

Amene anakwerapo boti pa nyanja ya Malawi nthawi ya mwera asaganize kuti akuidziwa nyanja yamchere. Mafunde a kwathu ndi afupiafupi ndipo amamenya boti pafupipafupi, koma a kumeneko ndi ataliatali, amabwera pang'onopang'ono ngakhale kulibe mphepo, n'kulikweza boti lonse m'mwamba, kenaka n'kulitsitsa mpaka mtunda wonse kubisika. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumadzetsa mseru. Mnzathu wina unamugwira tisanapite patali, ndipo mnyamata uja anamuuza kuti, “Bambo, musawerame ndipo musatseke maso, yang'anani kutali uko kumene madzi akumana ndi mitambo.” Zinathandizako pang'ono, komabe munthuyo anavutika tsiku lonse, ndipo boti silingabwerere chifukwa cha munthu mmodzi pamene ena onse alipira. Apa kampaniyo inalakwitsa, chifukwa m'kalata yake yaitali ija munalibe mawu ngakhale amodzi otichenjeza kuti mapiritsi oletsa mseru amamwedwa munthu asanakwere boti, osati mseru utayamba kale. Sinatiuzenso kuti pa botilo palibe chimbudzi ndiponso kuti mthunzi ndi wochepa, zinthu zimene munthu wopita ndi mayi a kunyumba kapena ndi wachikulire ayenera kuzidziwiratu.

Titayenda ndithu, madzi anasintha mtundu, kuchoka pa obiriwira a kufupi ndi gombe kufika pa obiriwira moderako ngati thambo la madzulo, oyera moti chingwe chimaoneka mpaka pansi patali. Woyendetsa boti anafotokoza kuti talowa mumtsinje wa m'nyanja wa madzi ofunda wotchedwa Agulhas, umene umayenda m'mbali mwa gombeli kuchokera cha ku Mozambique kulowera kumwera, ndipo ndi umene umabweretsa nsomba monga dorado, tuna, couta, wahoo, sailfish ndi marlin. Kawedzedwe kake si kokhala pamalo amodzi kudikira. Boti limayenda pang'onopang'ono likukoka zingwe zingapo kumbuyo, zina zili ndi nyambo zapulasitiki zooneka ngati tinsomba, zina zili ndi nsomba zenizeni, ndipo kutsogolo kwa mbedza ya couta amaikako waya chifukwa mano ake amadula chingwe wamba nthawi imodzi. Woyendetsa boti diso lake limakhala pa zinthu zitatu: makina oonetsa zimene zili pansi pa madzi, mbalame zimene zikugwera pamadzi kutsata tinsomba, ndi chilichonse choyandama, kaya chipika kaya zinyalala, popeza dorado imakonda kusonkhana pansi pa zinthu zotere.

Pa chipika china choyandama ndi pamene chingwe changa chinalira. Kagudumu kokulungira chingwe kanayamba kulira mokweza chingwe chikuthawa, ndipo mnyamata uja anandimangirira lamba wokhazikapo ndodo m'chiuno, akunena kuti, “Musalimbane nayo ikamathawa, bambo, isiyeni itope. Kwezani ndodo pang'onopang'ono, ndipo mukamaitsitsa ndiye muzikulunga.” Nsombayo inalumpha kunja kwa madzi kangapo ikupukusa mutu kuti ilavule mbedza. Itafika pambali pa boti ndinaona chinthu chimene chithunzi sichingaonetse bwino: msana wobiriwira monyezimira, nthiti zagolide zokhala ndi timadontho, chipsepse chachitali kuchokera pamutu mpaka kumchira, ndi chipumi chachitali chophwatalala chimene chimasonyeza kuti ndi yamphongo. Pasanathe mphindi zochepa ili m'boti, mitundu yonseyo inazilala n'kusanduka yotuwa. Tuna imene mnzanga anagwira pambuyo pake inali ya khalidwe lina, yosalumpha koma yomira pansi n'kumazungulira, ndipo inamutopetsa mikono kuposa mmene dorado inanditopetsera ine. Itangokwezedwa, mnyamata uja anaicheka pafupi ndi makha kuti magazi atuluke, n'kuiika m'bokosi la ayezi nthawi yomweyo, chifukwa tuna yosiyidwa padzuwa ndi magazi ake imawonongeka msanga.

Chimene chinandigwira mtima ndi mmene woyendetsa boti amasungira malamulo ngakhale pamalo poti palibe womuona. Lamulo la zamoyo za m'nyanja la 1998 la dzikolo limafuna kuti aliyense wowedza mongosangalala akhale ndi chiphaso, limaika malire a nsomba 10 patsiku kwa munthu mmodzi, mitundu ina malire ake n'kukhala otsikirapo, ndipo limaletsa kugulitsa nsomba zogwidwa ndi chiphaso chotere. Iye anaona ziphaso zathu tisanakwere, amawerenga nsomba iliyonse yolowa m'bokosi, ndipo anatiuziratu kuti sailfish kapena marlin ikakodwa pa boti lake imajambulidwa n'kubwezedwa m'madzi. Ndinaganiza za tiana ta chambo timene timagulitsidwa pamsika wa Kasungu titagwidwa ndi masikito, ndipo mtima unandiwawa.

Tinabwerera padoko dzuwa litapendeka, ndipo m'malo mopita kukagona tinakwera galimoto kulowera kumtunda, ku famu ya nzimbe. Mlendo wochokera kunja saloledwa kusaka yekha m'dzikolo, ayenera kuperekezedwa ndi mlenje wovomerezeka, ndipo m'chigawochi ziphaso zosakira zimachokera ku bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife. Mlenje wathu anayamba watitengera pamalo oyesera mfuti, kuti aliyense awombe pepala iye akuona. Mmodzi wa ife zipolopolo zake zinabalalika, ndipo mlenjeyo anamuuza mwaulemu koma mosabisa kuti akhoza kukhala nawo pansanja yodikirirapo nguluwe monga woonerera, koma mfuti sagwira. Ndinamulemekeza kwambiri chifukwa cha zimenezi, popeza akanalola, kampani ikanapindula ndi nguluwe yovulazidwa imene tikanalipira.

Kwa munthu wa ku Kasungu nguluwe si nyama yachilendo. Amene amalima m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu National Park, monga kwa Chulu, akudziwa mmene gulu limodzi limafumbulira munda wa mtedza, mbatata kapena chinangwa usiku umodzi, ndi mmene abambo amagonera m'chilindo akuimba zitini chimanga chikayamba kukhwima. Nguluwe ya ku KwaZulu-Natal ndi yomweyi: yofiirira kapena yoderako, ya chenjerere choyera pamsana, ya mano afupiafupi koma akuthwa, yoyenda usiku m'timagulu, yosiyana ndi njiri imene imayenda masana mchira uli m'mwamba. Maso ake saona patali, koma mphuno ndi makutu ake ndi akuthwa kwambiri, ndipo ikavulala imatembenukira munthu. Eni mafamu a nzimbe amadana nayo monga mmene ife timadanira nayo, chifukwa imathyola ndi kutafuna nzimbe n'kubisala m'kati mwa munda momwemo.

Kasakidwe kake ndi kodikirira. Kwa masabata angapo alendo asanafike, antchito amathira chimanga chonyika chimene chayamba kusasa pamalo amodzi m'mphepete mwa nzimbe, ndipo kamera yomangirira pamtengo imajambula yokha chilichonse chobwera, moti mlenje amadziwiratu gulu limene limadya pamenepo ndi nthawi imene limafika. Nsanja imamangidwa kumbali kumene mphepo siingatengere fungo la munthu kunyambo. Pamwamba pa nyamboyo pali nyale yofiira imene imayaka pang'onopang'ono kuti nyama zisadzidzimuke. Pansanjapo simulankhula, simusuta, simuyatsa foni, ndipo udzudzu ukakulumani mumangopirira.

Usiku umene zinatiyendera bwino, tinayamba kuzimva tisanazione. Nzimbe zinathetheka chapatali, kenaka kunamveka kufwenkha kwa mphuno, kenaka zii kwa nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti zatinunkhiza. Pambuyo pake panatulukira yaikazi ndi tiana take ta mizeremizere, ndipo mlenje anaika dzanja lake pa mfuti ya mnzanga kusonyeza kuti imeneyo ayi. Yamphongo inazungulira kunja kwa kuwala kwa nyale kwa kanthawi, ikukweza mphuno m'mwamba, ndipo itatsimikiza inalowa n'kukankha zinzake. Mlenje anadikira mpaka itaima chopingasa, yokha, popanda ina kumbuyo kwake, ndiye anagogoda mnzanga paphewa. Inagwa pomwepo. Ngakhale zinali choncho, mlenjeyo sanalole aliyense kutsika mpaka patapita nthawi, ndipo anatsogola yekha ndi tochi ndi mfuti.

Tsopano ndifike pa chimene chinandikhumudwitsa. Nyanja imafuna munthu wodzuka m'bandakucha, nguluwe imafuna munthu wochezera mpaka pakati pa usiku, ndipo pakati pa doko ndi famu pali ulendo wa galimoto. Pulogalamu ya kampaniyo inaika zinthu ziwirizi tsiku limodzi, mawa lakenso chimodzimodzi. Usiku woyamba tinakwera pansanja titapsa ndi dzuwa, mikono ikuwawa, pansi pakuonekabe ngati pakugwedezeka chifukwa cha mafunde aja. Mmodzi wa ife tulo tinamuba, mpando unalira pamene amadzidzimuka, ndipo gulu limene linali litayandikira linathawa osabweranso usiku umenewo. Kutaya nguluwe si nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu ndi yakuti munthu wosinza anali atakhala pafupi ndi mfuti yodzaza mumdima, ndipo m'mawa mwake munthu yemweyo, atagona maola ochepa, amayenera kuimirira pa boti logwedezeka pafupi ndi mbedza zikuluzikulu. Kusowa tulo kumawonjezeranso mseru. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo kampani imene imasamala kwambiri za jekete zoyandamitsa ndi kuyesa mfuti sinayenere kusiya mpata woterewu. Usiku wabwino uja unatheka chifukwa chakuti mphepo yamphamvu yochokera kumwera inaletsa maboti kutuluka m'mawa wa tsikulo, ife n'kupeza mpata wogona masana onse. Ndiye kuti chimene chinakonza pulogalamuyo ndi nyengo, osati eni ake.

Pa za mphepoyo, kalata ija inanena kuti tsiku la boti likalephereka chifukwa cha nyengo ndalama sizibwezedwa koma tsikulo limasunthidwa. Kwa munthu wa ku Durban zimenezi zilibe vuto, adzabweranso mwezi wamawa. Kwa munthu wochokera ku Kasungu, amene tikiti yake ya basi ili ndi tsiku lake, kusuntha kotere n'chimodzimodzi kutaya ndalamazo, pokhapokha atasiyiratu masiku apadera kumapeto kwa ulendo. Ife tinapulumuka chifukwa tinali ndi kogona kwa alamu.

Nkhani ya nyama nayo iyenera kumveka bwino, makamaka kwa oweta nkhumba a ku Kasungu ndi ku Mchinji amene akudziwa mmene chigodola cha nkhumba chimapululira khola lonse m'masiku ochepa. Nguluwe ndi njiri zikhoza kukhala ndi kachilombo ka matendawa izo osadwala, kachilomboko kamakhala nthawi yaitali m'nyama ngakhale youmitsa kapena ya mufiriji, ndipo matendawa alibe mankhwala ochiza. Choncho maganizo oti mufutsa nyama ya nguluwe n'kubwera nayo kumudzi muwasiye, chifukwa kuwonjezera pa kuvuta kwa malamulo a m'zipata, makombo ake akagwera m'khola mukhoza kusaukitsa mudzi wonse. Kampaniyo inatifotokozera zimenezi titachita kufunsa, pamene inayenera kuzilemba poyambirira. Nyama tinadya pamsasa pomwepo, yophikidwa mpaka kupsa bwino, ndipo ndi yofiira, yopanda mafuta ambiri poyerekeza ndi nkhumba yoweta. Yotsala inagawidwa kwa antchito a pafamupo. Nsomba anatisendera n'kutiikira m'mapaketi, ndipo achemwali anga anaikazinga dorado ija n'kutiphikira nsima. Mnofu wake ndi woyera, wolimba, wopanda minga ing'onoing'ono, wokoma mosiyana ndi chambo koma osati moposa.

Pali anzathu ena amene atamva za ulendowu anayamba kunena kuti nguluwe zili pomwepa, palibe chifukwa chopitira kutali. Ndiwakumbutse kuti kusaka m'nkhalango ya Kasungu ndi mlandu, ndipo lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu. Chiyambire pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu mu 2022, nkhani ya nyama zowononga minda yakula, ndipo njira yoyenera ndi kukanena kwa alonda a nthambi yoona za nkhalango ndi nyama. Komabe ndinachita chidwi kuona kuti mwini famu wa kumeneko amapeza ndalama kuchokera ku nyama imene imamudyera nzimbe, pansi pa chiphaso ndi mlenje wovomerezeka, pamene mlimi wa kwa Chulu amangotaya tulo ndi mbewu. Ndikanakonda akuluakulu a nthambiyi ndi mafumu athu atakambirana ngati zoterezi zingatheke m'minda ya kunja kwa mpanda.

Amene sanaionepo nyanja yamchere ndipo ndalama zake n'zowerengeka agule mbali ya boti yokha, chifukwa ndiyo imene sangaipeze kwina kulikonse kufupi ndi kwathu. Amene akufuna zonse ziwiri aumirire kuti m'kalata ya mgwirizano mulembedwe tsiku lopuma pakati pa boti ndi nsanja, ndiponso kuti masiku a kunyanja akhale koyambirira kuti mphepo ikavuta pakhale kosunthira. Kampani ikakana, afunefune ina, pakuti m'gombe limenelo makampani otere alipo angapo. Asaiwalenso kusunga ma rand apadera m'thumba, chifukwa ndi mwambo wa kumeneko kuthokoza mnyamata wa pa boti ndi antchito amene amathira nyambo ndi kusenda nyama, ndipo ndalama imeneyi siilembedwa pa mtengo uliwonse umene angakutumizireni.